PIP yanga yaima, council tax yakwera: alipo zinamuchitikirapo?

Make Tadala: Abale anga m'gulu muno ndithandizeni nzeru, mutu waima. Masabata atatu apitawa ndinalandira kalata yoti PIP yanga (ndalama ya boma la UK ya odwala ndi aulumali) ya daily living, yothandizira pa zochita za tsiku ndi tsiku, yaima atandiunikanso. Andisiyira ya mobility yokha, ya mayendedwe, yotsikayo. Ndisanameze n'komwe zimenezo, dzulo kwabwera ina ya ku khonsolo. Council tax, msonkho wa nyumba uja, yomwe ndinkangolipira kangachepe yakwera moti ndinayamba ndapukuta magalasi, kuti mwina ndi maso. Nyumba ndi yomweyo ya Band B (gulu la msonkho lotengera mtengo wa nyumba), nyamakazi ndi yomweyo, manja awa satsegula ngakhale botolo la mafuta ophikira. Ndalama yolowa yachepa koma msonkho wakwera, zikugwirizana bwanji? Ndili pa Universal Credit, thandizo la boma la opeza zochepa, ndimakhala ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 23, amagwira ntchito ku warehouse.

Nangozo: Pepani asisi, iii. Dikirani a Malume aone, nkhani za makalata ndi zawo.

Malume a Gulu: Ndafika. Pepani mayi. Ndisanaone kalatayo, ndikukayikira zinthu ziwiri, ndipo mwina zonse zakugwerani pamodzi.

Choyamba ndi mwanayo. M'nyumba mukakhala munthu wamkulu amene si mkazi kapena mwamuna wanu, makhonsolo ambiri amati ameneyo azisonkhako, ndiye amadula thandizo lanu la council tax malinga ndi malipiro ake. Pa kalata amalemba kuti non-dependant deduction. Koma mwini nyumba akamalandira PIP ya daily living, kudulako sikuchitika. Ndiye zaka zonsezi Tadala analipo, amagwira ntchito, koma khonsolo inkamulambalala chifukwa cha PIP yanu. Tsiku lomwe yaima, iye waonekera. Mobility yokha m'malo ambiri siyimutchinga.

Chachiwiri, makhonsolo ambiri kuno ku England ali ndi gulu la anthu otetezedwa, amene amatha kuwachotsera msonkho wonse kapena pafupifupi wonse, pamene ena onse a msinkhu wogwira ntchito amayenera kulipirako gawo ngakhale alibe kalikonse. Chiphaso cholowera m'gululo nthawi zambiri chimakhala PIP yomweyo. Ikachoka, mwabwerera pamzere wa aliyense.

Onaninso journal yanu ya Universal Credit, ija ya mauthenga pa intaneti. Ngati amakulipirirani lendi, kumenekonso kuli kudula kwa mwana wamkulu amene wafika zaka 21, mapaundi opitirira 90 pamwezi, ndipo nakonso kumaletsedwa ndi daily living. Musadzadzidzimuke.

Make Tadala: Mayo ine. Ndaona kumene, mzere wa non-dependant ulipodi pa kalata ya khonsolo. Ine ndimati ndi mawu awo a masiku onse.

Wa Night Shift: Koma amayi, ndisakubisireni, mnyamata wa zaka 23 wogwira ntchito alipire basi. Ife pa msinkhu umenewo tinali tikulipirira ang'ono athu fizi. Boma likalakwa timanena, koma apa sindikuona cholakwika.

Make Tadala: Achimwene, mwanayo salephera. Magetsi ndi gasi amalipira ndi iyeyo, ndipo mwezi ndi mwezi amatumiza kangachepe kwa agogo ake ku Ntcheu. M'mawa asanapite ku ntchito amandithandiza kutsika pabedi, kundimanga mabatani, kundiikira madzi osamba. Madzulo amaphika. Akanakhala wina bwenzi atasamuka kalekale kukakhala ndi anzake. Vuto langa si loti asalipire ayi. Vuto ndi loti ndataya mapaundi opitirira 70 pa sabata, kenako pamwamba pake andisenzetsa zina.

Wa Night Shift: Ndamva, pepani. Sindimadziwa kuti ndi iyeyo amakusamalirani.

Malume a Gulu: Apa mwatchula chinthu chofunika. Munthu amene amakhala nanu m'nyumba ndipo amakusamalirani maola osachepera 35 pa sabata akhoza osawerengedwa pa council tax, bola asakhale mkazi kapena mwamuna wanu, kapena kholo losamalira mwana wake wosakwana zaka 18. Mwana kusamalira mayi ake zimaloledwa. Safunika kukhala pa Carer's Allowance, ndalama ya osamalira odwala, ndipo atha kumagwira ntchito yake. Akapanda kuwerengedwa, nyumba imaoneka ngati muli munthu mmodzi, mumachotseredwa 25 peresenti. Koma taonani msampha wake: wosamaliridwayo ayenera kukhala pa thandizo ngati PIP ya daily living. Ndiye panopa khomo limenelo latsekeka, koma PIP ikabwerera mukafunse, ndipo mufunsenso za miyezi ya m'mbuyo yomwe munali nayo. Muwerenge kaye maola moona mtima, kuphatikiza a usiku ndi a kumapeto kwa sabata.

Nangozo: Zimenezi ine ndikuzimva lero. Bwanji satiuza?

Bambo a Mapasa: Akuuzeni kuti ndalama yawo ithe? Ndinabwera kuno 2004, nkhani iyi ndaiona ikusintha ndi maso angawa. Kale kunali Council Tax Benefit, malamulo amodzi dziko lonse, munthu wosauka kwenikweni sankalipira ndi peni yomwe. Mu Epulo 2013, David Cameron ali nduna yaikulu, anaithetsa. Anauza khonsolo iliyonse ku England kuti ipange ndondomeko yakeyake, ndalama zomwe boma limapereka pa ntchitoyi anazidula ndi 10 peresenti, kenako n'kulamula kuti okalamba a penshoni asakhudzidwe. Ndiye mukuganiza mpeni unagwera ndani? Unagwera a msinkhu wogwira ntchito. Mwezi womwewo wa Epulo 2013 ndi pomwe PIP inayamba kulowa m'malo mwa DLA, thandizo lakale la aulumali. Zinthu ziwiri zinasintha nthawi imodzi, ndipo mpaka lero anthu akupunthwa pomwe ziwirizi zimakumana. Anthu awiri odwala mofanana, ndalama zofanana, wina kutsidya kwa msewu salipira kanthu, wina kuno akulipira, chifukwa malire a khonsolo adutsa pakati.

Anaphiri ku Glasgow: Kuno ku Scotland n'zosiyana pang'ono. Council Tax Reduction ndi imodzi dziko lonse, kaya uli ku Glasgow kaya ku Aberdeen. Ku Wales nakonso ndi imodzi. PIP kuno inalowedwa m'malo ndi Adult Disability Payment, imayendetsedwa ndi Social Security Scotland kuyambira 2022. Chimene chimasokoneza obwera kumene ndi madzi, amabwera pa bilu imodzi ndi council tax, ndiye ngakhale akuchotsere msonkho wonse, gawo la madzi umalipirabe. Ndikunena kuti wina wa kuno asatengere zonse zomwe a Malume akufotokoza ngati n'zake.

Malume a Gulu: Zoona achemwali, zikomo. Ine ndikukamba za ku England. Ndipo ngakhale ku England komweko, aliyense akatsegule webusaiti ya khonsolo yake, afufuze chikalata cha council tax support scheme cha chaka chino. N'chachitali, chotopetsa, koma yankho lili mmenemo. Zomwe mnzako wa ku Leeds anauzidwa sizigwira ntchito ku Luton.

Tibwerere kwa amayi. Kalata ya PIP ili ndi deti liti?

Make Tadala: Mawa ikwana masabata atatu.

Malume a Gulu: Ndiye tisachedwe ndi ndale. Muli ndi mwezi umodzi kuchokera pa deti la pa kalata kuti mupemphe mandatory reconsideration, kutanthauza kuti aonenso chigamulo chawo. Mochedwa amalandira ngati pali chifukwa chomveka, koma musadalire zimenezo. Imbani mawa lomwe, kenako mutumize kalata. Pemphaninso lipoti la amene anakuunikani, muone zomwe analemba. Pa daily living pali zochita 10 zomwe amayang'ana, monga kuphika, kudya, kusamba, kuvala, kumwa mankhwala, kupita kuchimbudzi. Mapointi 8 amakupatsani ndalama yotsika, 12 yokwera. Pa chilichonse funso si loti kodi mungathe, koma kodi mungathe bwinobwino, mosadziika pangozi, mobwerezabwereza, komanso m'nthawi yoyenera, masiku ambiri. Amene amatenga ola lathunthu kuvala, akulira ndi ululu, malamulo samuwerenga ngati wotha kuvala.

Akakana pamenepo musagwe ulesi, ambiri amakanidwa pa sitepe imeneyi. Pitani ku tribunal, bwalo lomva ma apilo. Kumeneko kumakhala woweruza, dokotala ndi munthu wodziwa za ulumali, sali pansi pa DWP, unduna wopereka PIP, ndipo ambiri amene amafika kumeneko amapambana. Kungoti zimatenga miyezi, ndipo podikirapo daily living simulandira.

Make Tadala: Ndikaganiza za tsiku lounikalo ndimadziimba mlandu. Anandiimbira foni, mayi wake waulemu ndithu. Atandifunsa kuti muli bwanji lero ndinayankha kuti ndili bwino, kaya inu. Atafunsa ngati ndimaphika ndinati eya, chifukwa mzimayi wamkulu ngati ine kunena kuti sinditha kuphika ndi manyazi. Koma nsima ndinasiya kuvundula chaka chatha, mthiko sugwirika. Zosamba ndiye sindinafune n'komwe kuzikamba, munthu wachilendo ndimuuze kuti mwana wanga wamwamuna ndi amene amandithandiza kulowa m'bafa?

Nangozo: Asisi mwandiliza. Ndi mmene tinaleredwera. Kwathu ngakhale uli pa bedi ku Central, wokuzonda akafunsa umati ndikupezako bwino.

Anaphiri ku Glasgow: Ine ndinaperekezapo amayi ena a ku tchalitchi kwathu. Anadzuka 5 koloko, mwana wawo anawasambitsa, kuwaveka chilundu chatsopano, duku, mafuta onunkhira. Akuti sungapite kwa akuluakulu uli mbuu. Atafika anakana kuthandizidwa kukhala pampando. Ine mumtima ndinkangoti mayi, mukudzigwetsa nokha. Ulemu wathu ndi wabwino koma fomu siidziwa ulemu, imangolemba zimene wanena ndi zimene aona.

Bambo a Mapasa: Komanso tili ndi kamtima koti thandizo la boma ndi la aulesi. Munthu wagwira ntchito zaka 15 m'ma care home, kunyamula okalamba mpaka msana kutha, msonkho akumudula mwezi ndi mwezi, koma akadwala akubisala kuti a Malawi anzake angamuseke. Mwana wosalira amafera mu mbereko, a kwathu ananena kale.

Malume a Gulu: Mayi, musadziimbe mlandu, konzani. Kuyambira lero lembani kabuku ka tsiku ndi tsiku: mwadzuka nthawi yanji, ndani wakuthandizani chiyani, zatenga mphindi zingati, mwagwetsa chiyani. Tadala alembe kalata yake yofotokoza zomwe amachita. Tengani makalata a kuchipatala, a dokotala wa mafupa, mndandanda wa mankhwala. Mu kalata yanu nenani poyera kuti pa foni munayankha mwaulemu ndi mwamanyazi, ndipo zoona zake ndi izi. A Citizens Advice amathandiza kulemba popanda kulipira, a Scope nawonso ali ndi nambala yothandizira anthu aulumali.

Tsopano za khonsolo, chifukwa iwo sadikira apilo yanu. Bilu yomwe yabwerayo ndi yamoyo. Mukaphonya mwezi amatumiza kalata yokumbutsa ya masiku 7. Mukapanda kulipira amatha kufuna ya chaka chonse nthawi imodzi, kenako amakatenga liability order, chilolezo chotolera ngongoleyo, ku khothi la majisitireti, ndalama za khothi n'kuwonjezera pa ngongole yanu. Zikapitirira amatumiza ma bailiff, aja kwathu timati asherifu, ndipo kalata yawo yoyamba yokha imabwera ndi chindapusa chake. Ngongole ya council tax imathamanga kuposa ya kirediti kadi. Choncho alembereni sabata ino. Auzeni kuti mukutsutsa chigamulo cha PIP. Pemphani kuti bilu aigawe miyezi 12 m'malo mwa 10, kapena miyezi yonse yotsala m'chaka. Ndipo pemphani thandizo la section 13A, ndime ya m'lamulo la Local Government Finance Act la 1992 yomwe imapatsa khonsolo mphamvu yochepetsa bilu ya munthu amene ali pa mavuto. Ena amaitcha hardship fund. Sakakamizidwa kupereka, koma ayenera kuliganizira pempho lanu, ndipo akakana mutha kukadandaula ku Valuation Tribunal. Muzilipirako kangachepe komwe mungathe, zimaonetsa kuti simukuthawa.

PIP ikadzabwerera imabwezedwa kuyambira tsiku lomwe inaimira. Pamenepo mutengere khonsolo kalatayo nokha, muwauze awerengenso kuyambira tsiku limenelo. Musaganize kuti maofesi awiriwa auzana. Nkhani yokudulani imayenda yokha, yokubwezerani imafuna miyendo yanu.

Wa Night Shift: Funso langa ndi ili a Malume. Ine ndili pa viza ya care worker, ndimakhala ndekha, council tax ndimalipira yonse. Bondo likundivuta. Zimene mukukambazi ine zikundikhudza?

Malume a Gulu: Achimwene, apa samalani kwambiri. Viza yanu ili ndi mawu aja oti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. PIP, Universal Credit, Carer's Allowance ndi council tax reduction zonse zili pa mndandanda wa public funds. Mukafunsira mutha kuononga viza yanu ndi mapepala a m'tsogolo. Musayerekeze, ngakhale wina akuuzeni kuti iye anachita ndipo palibe chinachitika. Koma kuchotsera kwa 25 peresenti kwa munthu wokhala yekha si public funds, n'kwa aliyense. Mukuti mumalipira yonse, mukutanthauza kuti ngakhale imeneyo simunafunsire?

Wa Night Shift: Ayi ndithu, ndinkaopa kuti ndi benefit. Chaka chachiwiri tsopano.

Nangozo: Achimwene, munabwera kudzadzudzula mwana wa eni, mwatola ndalama 😂

Malume a Gulu: Kafunsireni, muwauze deti lomwe munayamba kukhala nokha, muone ngati angabwezere m'mbuyo. Kungoti tsiku lomwe mwalandira munthu wamkulu wodzakhala nanu, muwadziwitse pasanathe masiku 21.

Pali china chimene sichidalira PIP n'komwe, ambiri sachidziwa. Ngati m'nyumba muli munthu waulumali ndipo muli chipinda, bafa lachiwiri kapena khitchini yoonjezera chifukwa cha ulumali wakewo, kapena amayenda pa njinga ya olumala m'nyumba momwemo, bilu imatsitsidwa kupita pa band ya m'munsi. Wa Band C amalipira ngati B. Ngakhale wa Band A amachotseredwa. Sayang'ana malipiro. Mayi a Tadala, kwanuko zilipo zotere?

Make Tadala: Ayi, anangondiikira zogwirira m'bafa ndi pa masitepe.

Malume a Gulu: Zogwirira zokha sizikwana, tisataye nthawi pamenepo.

Mtsikana wa ku Zomba: Ndalowa mochedwa, pepani. Bambo anga ali ndi matenda oiwalaiwala, amakhala ndi mayi awiriwiri, amalandira Attendance Allowance, thandizo la okalamba ofunika kusamaliridwa. Ndinamva kuti pali kuchotsera kwina, n'zoona?

Malume a Gulu: N'zoona mwanangu. Dzina lake ndi loipa, severe mental impairment, koma musakhumudwe nalo. Pamafunika ziwiri: dokotala asaine fomu, ndipo munthuyo akhale woyenera thandizo ngati Attendance Allowance kapena PIP ya daily living. Bambo akapanda kuwerengedwa, mayi amatsala ngati ali okha, 25 peresenti imachoka. Wodwala wotere akamakhala yekha salipira konse. Apanso mukuona, pepala la dokotala palokha silikwana, thandizo lija ndi limene limatsegula.

Bambo a Mapasa: N'chifukwa chake ine ndinakwiya mu Malichi 2025, Liz Kendall, nduna yoona za ma benefit pa nthawiyo, atalengeza zoti kuyambira Novembala 2026 munthu azipeza mapointi 4 pa chinthu chimodzi kuti alandire daily living. Anthu ambiri a nyamakazi ndi a msana amafika pa 8 potolera awiriawiri, apa 2, apo 2. Onsewo akanagwa. Pa wailesi ankangowerengera ndalama ya PIP, osatchula za council tax, za lendi, za Carer's Allowance ya wosamalira yomwe imaima naye limodzi. Aphungu a Labour opitirira 120 anaukira boma lawo lomwe, mu Julaye ndime imeneyo inachotsedwa, nkhani n'kuisiya m'manja mwa nduna ina, Stephen Timms, kuti aunikenso PIP yonse. Koma musaombe m'manja. Mbali ya Universal Credit inadutsa: gawo la odwala lija la LCWRA, lomwe linali mapaundi 423.27 pamwezi mu 2025, kwa ofunsira atsopano kuyambira Epulo 2026 ndi pafupifupi theka, kupatula odwala kwambiri moyo wonse ndi amene ali pafupi kumwalira. Ndipo m'chikalata cha boma cha mu Malichi 2025 analembamo zofuna kuthetsa kuunika kwa work capability, koona ngati munthu angathe kugwira ntchito, mu 2028, kuti gawo la odwala lizidalira PIP ya daily living. Katundu yense akumukoleka pa msomali umodzi.

Wa Night Shift: Koma bambo, ndalama zake zichokera kuti? Olandira akuchuluka chaka ndi chaka. Kwathu anthu aulumali akukhala ndi Mtukula Pakhomo yekha, ena alibe ndi imeneyo yomwe.

Bambo a Mapasa: Kwathu kumudzi salipira council tax pa nyumba ya udzu, achimwene. Kuno bilu imabwera ngakhale uli chigonere.

Admin: Akuluakulu, za ndale tipitirize ku gulu lina lija. Pano tithandize amayi.

Anaphiri ku Glasgow: Chimodzi chokha chowonjezera, cha amene akusamutsidwa kuchoka pa ESA, thandizo la olephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda, kupita pa Universal Credit. Kalata yosamutsayo imapereka miyezi 3. Ambiri amaganiza kuti council tax ili m'kati mwa Universal Credit monga lendi. Mulibe. Thandizo la council tax limafunsiridwa ku khonsolo, padera. Msuweni wanga ku England anali pa ESA, sankalipira kanthu. Atasamuka, khonsolo yake inayamba kuwerengera ndalama ya Universal Credit mwa njira ina, bilu inatulukira. Iye osatsegula makalata, ankangowaunjika pamwamba pa fuliji chifukwa envelopu ikangobwera mtima umathamanga. Tinadziwa kalata ya khothi itafika.

Nangozo: Za makalata pa fuliji musanene, tilipo ambiri.

Make Tadala: Abale, ndabweranso. Ndaimba m'mawa uno, pempho loti aonenso lalembedwa, lipoti akuti atumiza. Ku khonsolo ndinadikira pa foni mpaka tiyi kuzizira, koma mtsikana amene anayankha anandigawira bilu pa miyezi yotsalayi ndipo wanditumizira fomu ya hardship. Za section 13A ndinachita kutchula ndekha monga munanenera a Malume, anayamba wakafunsa kaye kwa mkulu wake. Tadala wayamba kulemba kalata yake usiku, wandiwerengera ndime yoyamba, zina zomwe walemba ine sindimadziwa kuti amaziona. Chondivuta ndi kabuku kaja, cholembera sichigwirika bwino m'manja muno.

Malume a Gulu: Jambulani mawu pa foni madzulo aliwonse, wina adzakulemberani. Lipoti likafika musaliwerenge muli nokha, limapweteka. Fomu ya hardship imafuna ma statement a ku banki, yambani kusonkhanitsa.

Nangozo: Zolembazo ndi zanga asisi. Loweruka ndikuweruka 12 koloko, ndifika cha m'ma 2 ndi laputopu. Musavutike ndi kuphika, ufa ndi usipa ndibwera nazo.